Wailesi ndi kompyuta zikukana kumvana pa FT8: ndiyambire pati?

Funso: Ndinalandira laisensi ya amateur radio (kulumikizana pa wailesi ndi anthu ena okonda zimenezi) ndi callsign yanga, dzina londizindikiritsa pa wailesi, ndipo ndagula wailesi ya HF (ya mafunde ofika kutali) yokhala ndi pobayira chingwe cha USB. Pa laputopu ya Windows ndaikapo WSJT-X (pulogalamu ya FT8), fldigi (yochezera polemba) ndi pulogalamu yosungira kaundula wa masiteshoni amene ndalumikizana nawo. Koma WSJT-X ikungoonetsa timizere pa sikirini osatulutsa uthenga ndi umodzi womwe, nthawi zina imadandaula kuti yalephera kulankhula ndi wailesi, ndipo m'kaundula simukulowa kanthu. Ndikulakwitsa pati?

Yankho: Zimene mwafotokozazi ndi mavuto atatu osiyana, ndipo akubisana chifukwa mapulogalamu onse mwawatsegula pakamodzi. Paja ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Tsekani fldigi, tsekani pulogalamu ya kaundula, mutsale ndi WSJT-X yokha. Zinazo zilowa pambuyo, chilichonse chinzake chitakhazikika kale.

Musanadine batani lililonse, dziwani kuti m'chingwe chimodzi cha USB chija mumadutsa zinthu ziwiri zosadalirana. Choyamba ndi mawu: kompyuta imaona wailesi yanu ngati sound card ina, ndipo kawirikawiri imailemba kuti USB Audio CODEC. Chachiwiri ndi malamulo amene timawatcha CAT, pamene kompyuta imafunsa wailesi kuti ili pa frequency yanji, kuiuza kuti isinthe band (chigawo cha ma frequency) kapena kuti iyambe kutumiza. Malamulowa amadutsa pa COM port. Mawu akhoza kumafika bwinobwino CAT itafa, ndipo CAT ikhoza kumagwira ntchito mawu asakufika. Choncho chilichonse tichiyesa pachokha.

Tiyambe ndi timizere topanda uthengato, ndipo amene ndikumukayikira kwambiri ndi wotchi ya laputopu yanu. FT8, njira yotumizirana mauthenga aafupi a kompyuta kudzera pa wailesi, imene Joe Taylor ndi Steve Franke anaitulutsa mu 2017, imagawa mphindi iliyonse m'zigawo zinayi za masekondi 15. Siteshoni iliyonse padziko lapansi imayamba kutumiza pa sekondi 0, 15, 30 kapena 45, uthengawo umatenga masekondi 12.64, ndipo kanthawi kotsalako ndi kamene kompyuta imamasulira zimene yamva. Pulogalamu simvetsera mwachisawawa. Imayembekezera kuti uthenga uyambe pafupi ndi chiyambi cha chigawo, moti wotchi yanu ikataya masekondi angapo, siginolo imaoneka yowala bwino pa sikirini koma pulogalamu imaifunafuna pa nthawi yolakwika. Lamulo lake ndi lakuti wotchi isaphonye kuposa sekondi imodzi.

Mukhoza kuziona ndi maso. Pa zenera limene timizere timatsetserekapo, lotchedwa waterfall, WSJT-X imajambula mzere wopingasa pamene chigawo chatsopano chikuyamba. Wotchi ikakhala bwino, timizere tonse timayamba pamwamba pang'ono pa mzere umodzi n'kuthera tisanafike pa wotsatira, n'kusiya kampata. Mukaona timizere tikudumpha mzere wopingasawo, kampata kali pakatikati, musavutikenso kufufuza kwina. Tsegulani time.is ikuuzeni kuti mwataya masekondi angati, kenako muike pulogalamu yokonza wotchi pafupipafupi, monga Meinberg NTP kapena NetTime, chifukwa Windows payokha imachita zimenezi mwa apo ndi apo. Kumene kulibe intaneti, kachipangizo ka GPS kobaya pa USB kamagwira ntchito yomweyo. Mauthenga akayamba kutuluka, yang'anani danga lolembedwa DT, limene limaonetsa kusiyana kwa nthawi yanu ndi ya siteshoni inayo m'masekondi. Manambala ambiri azikhala pafupi ndi 0, monga 0.1 kapena 0.3. Siteshoni imodzi ikaonetsa 1.8, vuto ndi lake. Onse akaonetsa 1.8, vuto ndi lanu.

Wotchi ikakhala kuti ili bwino, onani wailesi. FT8 imayenda pa upper sideband pa band iliyonse, ngakhale pa 40 m ndi 80 m pamene olankhula pakamwa amagwiritsa ntchito lower sideband. Pa wailesi zambiri musankhe USB-D kapena DATA-U, ndipo USB imeneyi ndi ya sideband, si ya chingwe ija. Mukaiwala n'kusiya pa LSB (lower sideband), mamvekedwe onse amatembenuzika ndipo simumasulira kanthu. Ikani 14.074 MHz masana kapena 7.074 MHz kukada, chifukwa pamenepa sipasowa anthu. Tsegulani filter ifike cha m'ma 3 kHz, muzimitse noise reduction ndi notch. Zimenezi zinapangidwira khutu la munthu. Siginolo ya FT8 ndi yopyapyala, 50 Hz basi, ndipo kompyuta imatha kuitola ili pansi pa phokoso mpaka cha m'ma -21 dB, choncho chilichonse chimene wailesi ingachite pofuna kukometsa mawu chimangowononga.

Mu Settings ya WSJT-X, pa tsamba la Audio, Input ndi Output zonse ziloze ku USB Audio CODEC. Ambiri amapezeka kuti Input yatsalira pa maikolofoni ya laputopu, imene imatola kulira kwa sipika ya wailesi limodzi ndi phokoso la m'chipinda, n'kumaoneka ngati zikuyenda. Mu Windows, chipangizocho chikhale pa 48000 Hz, 16 bit, zokometsera mawu zonse zozimitsa, ndipo mapulogalamu akhale ololedwa kugwiritsa ntchito maikolofoni, apo ayi WSJT-X imva zii. Kumanzere m'munsi mwa WSJT-X kuli kachoyezera kobiriwira. Sinthani kukwera kwa mawu mpaka kaziwerenga pafupifupi 30 dB pamene band ili phee. Kakafiira ndiye kuti mwanyanya. China chimene sindifuna muiwale: Windows ikaona sound card yatsopano imakonda kuisandutsa yodutsira mawu onse a kompyuta. Bwezerani sipika ya laputopu pa udindo umenewo. Mukapanda kutero, tsiku lina kabelu ka imelo kapena mawu a vidiyo adzatuluka pa eriyo yanu.

Apa imani kaye. Khalani madzulo amodzi mukungomvetsera, kuona ma callsign akutsika pa sikirini. Simufunika CAT kuti muchite zimenezi, ndipo mukadzakumana ndi vuto kutsogoloku mudzakhala mukudziwa kuti mbali yolandira ilibe mlandu.

Tsopano CAT. Driver ya chingwe muitenge kwa kampani imene inapanga wailesi yanu, ndipo muiike musanabaye chingwe. Mu Device Manager, pansi pa Ports, muona nambala ya COM imene wailesi yapatsidwa. Wailesi za Yaesu monga FT-991A zimaonetsa ma port awiri, Enhanced ndi Standard, ndipo ya CAT ndi Enhanced. Wailesi za Icom zili ndi adiresi ya CI-V, imene pa IC-7300 imabwera ili 94h, ndipo mukaisintha pulogalamu imaitana wailesi osayankhidwa. Baud rate (liwiro lolankhulirana pa port) ya mu pulogalamu ifanane ndendende ndi ya mu menyu ya wailesi. Sankhani dzina la wailesi yanu pa tsamba la Radio, dinani Test CAT. Batani likabiriwira, zatheka. Pa Linux, dzina lanu lolowera liyenera kukhala m'gulu lololedwa kutsegula ma port amenewa, limene pa Debian ndi Ubuntu limatchedwa dialout.

Nanga n'chifukwa chiyani kwa inu CAT imagwira lero n'kukana mawa? COM port imodzi imatsegulidwa ndi pulogalamu imodzi yokha pa nthawi imodzi. Mwaika mapulogalamu atatu, ndipo ndikukhulupirira kuti onse munawauza za port yomweyo. Imene yayamba kutsegulidwa ndiyo imaigwira, zinazo n'kumalira. Njira yokhazikika ndi kuika mkhalapakati, pulogalamu imodzi yogwira wailesi imene ena onse azidzera mwa iyo: flrig, rigctld ya Hamlib, kapena OmniRig pa Windows. Zonsezi zimapezeka pa mndandanda wa Rig mu WSJT-X ngati kuti ndi mawailesi. Koma ine ndingakulangizeni kuti poyamba musiye WSJT-X yokha igwire wailesi, ndipo muzimitse CAT mu pulogalamu ya kaundula. Pa FT8 kaundula safunika kulankhula ndi wailesi, chifukwa frequency ndi mode amazilandira kuchokera ku WSJT-X.

Pali mtundu wina wa vutoli umene umapusitsa anthu. Zonse zimayenda bwino mukamamvetsera, koma mukangoyamba kutumiza CAT imaduka, mwina mpaka sound card kusowa. Ameneyo si pulogalamu ayi. Ndi mphamvu yochokera ku eriyo yanu imene ikubwerera n'kulowa m'chingwe cha USB. Umboni wake ndi wakuti mukatsitsa mphamvu kufika pa ma watt 5 vuto limatha, kapena limachitika pa band imodzi yokha. Mankhwala ake ndi chingwe chachifupi chabwino, kuchikulunga kangapo pa ferrite mbali zonse ziwiri, kuika choke (chotchinga mphamvu yobwererayo) pa coax, chingwe chopita ku eriyo, ndi kuonetsetsa kuti SWR, muyeso wa mmene eriyo ikugwirizanirana ndi wailesi, ili bwino. Kuchotsa pulogalamu n'kuiikanso sikungathandize olo pang'ono.

Tifike potumiza. Pa tsamba la General lembani callsign yanu ndi grid ya Maidenhead, chizindikiro cha pa mapu cha pamene muli, zilembo zinayi kapena zisanu ndi chimodzi. Pa tsamba la Radio, PTT Method (njira youzira wailesi kuti iyambe kutumiza) ikhale CAT, Mode ikhale Data/Pkt ngati wailesi yanu ili nayo. Mu menyu ya wailesi, iuzeni kuti ikakhala pa data izitenga mawu ku USB osati ku maikolofoni. Mukaiwala apa, wailesi imayatsa nyali yotumizira koma mphamvu osatuluka, kapena choipa kwambiri, imaulutsa zokamba za m'nyumba mwanu. Amene ali ndi wailesi zakale zopanda USB amafunika kabokosi kapakati monga SignaLink USB kapena Digirig, koma zina zonse n'zofanana.

Pa Split Operation sankhani Fake It kapena Rig, osati None. Chifukwa chake n'chosangalatsa. Mukamatumiza kamvekedwe ka 500 Hz, mawu akapotoka pang'ono amabala ana pa 1000 Hz ndi 1500 Hz, ndipo anawo amadutsa mu filter ya wailesi n'kukagwera pa anzanu amene ali pamenepo. Split ikayatsidwa, WSJT-X imasunga kamvekedwe kotumiza pakati pa 1500 ndi 2000 Hz nthawi zonse n'kumasuntha frequency ya wailesi m'malo mwake. Ana aja amagwera pa 3000 Hz kupita m'tsogolo, kumene filter imawadula. Amene akukumvani amakupezani pamalo pomwe munasankha paja, koma muli oyera.

Kenako kukwera kwa mawu otumiza, pamene ambiri amaipitsira mbiri yawo. Lumikizani dummy load (chipangizo cholowa m'malo mwa eriyo poyesa) ngati muli nayo. Ikani mphamvu ya wailesi pamene mukufuna, tsitsani kotsetsereka kolembedwa Pwr kumanja kwa WSJT-X, dinani Tune, ndipo muzikweza pang'onopang'ono mukuyang'ana zoyezera ziwiri: mphamvu yotuluka ndi ALC, imene imaonetsa pamene wailesi yayamba kudziletsa chifukwa mawu akwera kwambiri. Mphamvu izikwera ALC ili chete. Pofika pena ALC iyamba kugwedezeka ndipo mphamvu isiya kukwera. Bwererani m'mbuyo pang'ono, musiye pomwepo. Kupitirira apo simuwonjezera mtunda, mumangowonjezera zinyalala. Buku la wailesi yanu likanena mlingo wake wa ALC pa data, tsatirani umenewo. Kumbukiraninso kuti polankhula pakamwa mphamvu imakwera ndi kutsika, pamene FT8 imakoka mphamvu yonse masekondi 12.64 osapuma, mobwerezabwereza. Wailesi ya ma watt 100 imatentha. Ine ndimati yambirani pa ma watt 20 kapena 30, muone kumene mukufika. Chongani Enable PSK Reporter spotting pa tsamba la Reporting kuti nanunso muzitumiza malipoti a amene mukuwamva, itanani CQ (kuitana aliyense amene akumva) kangapo, kenako lembani callsign yanu pa mapu a PSK Reporter pa intaneti. Muona masiteshoni amene akumvani ndi mmene akumverani. Palibe choyezera eriyo choona mtima kuposa chimenechi.

Kulumikizana kwenikweniko ndi kwachidule, chifukwa uthenga uliwonse umanyamula ma bit 77 okha. Wina amaitana CQ ndi callsign ndi grid yake. Inu mumadina kawiri pa mzere wake, pulogalamu n'kumuyankha ndi grid yanu. Iye amakutumizirani lipoti la mphamvu ya siginolo yanu, tinene -12. Inu mumabweza R-08, kutanthauza kuti lake mwalandira ndipo lanu ndi ili. Iye amati RR73 (ndalandira, zabwino zonse), inu 73 (zabwino zonse), basi. Auto Seq ikachongedwa, zonsezi zimayenda zokha. Chongani Hold Tx Freq, mupeze kampata kopanda munthu pa waterfall, mukhale pomwepo. Simufunika kutumiza pamalo pamene mnzanuyo ali, chifukwa pulogalamu yake ikumasulira band yonseyo, ndipo pamalo pakepo ndi pamene aliyense womuitana akupanikizana.

Tsopano kaundula, amene ine ndimamuona kuti ndi wofunika kuposa wailesi yomwe, chifukwa wailesi mudzagula ina koma zaka za kulumikizana zikatayika sizibwerera. WSJT-X ili ndi kaundula wakewake, fayilo yotchedwa wsjtx_log.adi, imene mungaipeze podina File kenako Open log directory. Pa tsamba la Reporting chongani Prompt me to log QSO. Mukatero, pofika pa RR73 kapena 73 patuluka kazenera kofunsa ngati mukufuna kulemba. Mukapanda kudina OK, palibe chalembedwa, ndipo n'kutheka kuti ichi ndi chimodzi mwa zimene zakuchitikirani. Fayiloyi ili mu ADIF, kalembedwe kamene mapulogalamu onse a kaundula amamva. Itseguleni ndi Notepad muone: ndi zilembo wamba, callsign, deti, nthawi, band, mode, malipoti awiri aja. WSJT-X imaiwerenganso kuti ikudziwitseni ndi mitundu kuti siteshoni iyi munalumikizana nayo kale, dziko ili ndi latsopano.

Kuti zolembedwazi zizilowa zokha mu pulogalamu yanu ya kaundula, kaya ndi Log4OM, DXKeeper, CQRLOG ya pa Linux kapena N1MM Logger+ ya mipikisano, njira yofala ndi UDP, imene mapulogalamu amatumizirana nayo uthenga. Pa tsamba lomwelo la Reporting muona UDP Server ili 127.0.0.1 ndi port 2237. Adiresi imeneyi imatanthauza kompyuta yomweyo. Uzani pulogalamu ya kaundula kuti izimvetsera pa port imeneyo, ndipo firewall ikafunsa, iloleni. Msampha wake ndi wofanana ndi wa COM port uja: mwachizolowezi pulogalamu imodzi yokha ndiyo imamvetsera pa 2237. Mukadzaika mapulogalamu othandizira WSJT-X monga JTAlert kapena GridTracker, ziyamba kulimbirana ndi kaundula. Pamenepo mwina musankhe imodzi izilandira n'kupatsira zinzake pa port ina, kapena musinthe adiresi ikhale ya multicast monga 239.255.0.0 kuti onse amve pamodzi. Koma samalani kuti njira yolowera m'kaundula ikhale imodzi. WSJT-X ikamalemba mwachindunji, JTAlert nayonso n'kumalemba, siteshoni iliyonse izioneka kawiri.

Sankhani kaundula mmodzi akhale wamkulu, ndipo kukonza kulikonse kuzichitikira mmenemo. Zina zonse, kuphatikizapo za pa intaneti, zizilandira kuchokera kwa iye. Nthawi yake ikhale UTC (nthawi imodzi ya dziko lonse lapansi) nthawi zonse, osati ya kwanuko. WSJT-X imachita izi yokha, koma mukamalemba pamanja zimene munalankhula pakamwa, apa ndi pamene anthu amaphonya, makamaka usiku pamene deti ya UTC imasiyana ndi ya pa khoma. Onaninso FT4, mng'ono wake wa FT8 wa zigawo za masekondi 7.5. Mu ADIF imalembedwa MFSK pa mode ndi FT4 pa submode, ndipo mapulogalamu akale amene sadziwa zimenezi amaisokoneza. Kamodzi pa sabata tulutsani kaundula yense mu ADIF, musunge kunja kwa laputopu, pa flash kapena pa intaneti. Hard disk sichenjeza tsiku lofa.

Kutsimikizirana kuti munalumikizanadi kumachitika kwambiri pa Logbook of The World (LoTW), imene bungwe la ARRL la ku America linatsegula mu 2003. Mumaika pulogalamu ya TQSL, n'kupempha satifiketi ya callsign yanu. Amene ali kunja kwa United States amatumiza chithunzi cha laisensi ndi cha chiphaso chowazindikiritsa. Satifiketi ikabwera, mumapanga Station Location yofotokoza dziko, grid ndi zone zanu, ndipo muilembe mosamala chifukwa ndi imene anzanu adzawerengere ma award awo. Mukasamuka kapena kupita kokayenda ndi wailesi, pangani ina. LoTW imatsimikiza pokhapokha mbali zonse ziwiri zitatumiza zofanana: ma callsign, band, mode, ndi nthawi zosasiyana kuposa mphindi 30. Satifiketi imatha pakapita zaka zitatu, ndipo kuikonzanso isanathe n'kosavuta kusiyana ndi kuyambiranso. TQSL ili ndi posungira backup, chitani zimenezo tsiku lomwe satifiketi yafika. Pali eQSL, QRZ ndi Club Log, zonse zimalandira ADIF yomweyo, ndipo mapulogalamu ambiri a kaundula amatumizako okha mukawapatsa dzina ndi pasiwedi. Musayembekeze kuti aliyense atsimikiza, ena amatumiza patapita miyezi, ena satumiza n'komwe.

Fldigi ibwere pomaliza. Ndi ya ma mode ocheza polemba, monga RTTY, Olivia ndi PSK31 imene Peter Martinez anaitulutsa mu 1998, ndipo PSK31 imeneyi pa 20 m mumaipeza cha pa 14.070 MHz. Sifuna wotchi yolondola ngati FT8, koma PSK31 ndiyo sikhululuka ALC ikakwera, imatambasuka n'kuphimba oyandikana nawo. Yatsani RxID kuti pulogalamu izizindikira yokha mode ya amene watumiza chizindikiro chake. Anthu kumeneko ndi ochepa masiku ano poyerekeza ndi pa FT8, choncho mukapeza zii musafulumire kuganiza kuti mwalakwitsa. Ngati chimene mukufuna ndi macheza pa siginolo yofooka, yesani JS8Call, imene inamangidwa pa maziko a FT8. Mukamatsegula fldigi tsekani WSJT-X, pokhapokha ngati mwaika kale flrig pakati, imene inapangidwa kuti iziyenda limodzi ndi fldigi.

Zonse zikayenda, jambulani tsamba lililonse la Settings musunge, ndipo chingwe cha wailesi muzichibaya pa bowo lomwelo la laputopu nthawi zonse. Mukasintha bowo, Windows ikhoza kupereka nambala ina ya COM kapena kulemba sound card ija ndi dzina lokhala ndi 2 kutsogolo, WSJT-X n'kuyamba kudandaula ngati kale. Zoterezi zimachitikanso Windows ikadzikonza usiku. Zikatero pitani pa tsamba la Audio ndi la Radio musankhenso zipangizo, muyatse wailesi kaye musanatsegule pulogalamu.